Zithunzi za Nkhondo za ku Japan: Luso ndi Coonadi

M'zaka za 1894 ndi 1895 dziko la Japan linacita nkhondo ndi China, ndipo m'mzinda wa Tokyo munatuluka zithunzi zambirimbiri za nkhondoyo. Kapangidwe kace kanali kotere: mmisiri woyamba anajambula papepala, waciwiri nasema cithunzico pa matabwa olimba, mtundu uli wonse wa utoto thabwa lacelace, ndipo wacitatu anadinda. Kawirikawiri mapepala atatu analumikizidwa kukhala cithunzi cimodzi, nagulitsidwa pa mtengo wocepa.

Mmodzi wa amisiri opambana ndiye Kobayashi Kiyochika (1847–1915). Luso lace linali pa kuwala ndi mdima: moto wa mizinga usiku, nyali za zombo panyanja, asilikali oyenda m'cipale cofewa. Pa izi ayenera kutamandidwa ndithu.

Koma wopenya mosamala apeza kuti zithunzizi zinena mau amodzi okhaokha. Msilikali wa Japan aimirira cilili, wobvala zakuda zonga za Azungu, nkhope yace yosaopa. Wa China ali m'zobvala zamawangamawanga, athawa kapena agwa cagada. Amisiri anabwereza kujambula Harada Jūkichi, amene anakwera linga la Pyongyang natsegula cipata mu Sepitembala 1894. Koma pamene Port Arthur anagwa mu Novembala, zithunzi zinakondwerera cigonjetso, nizikhala cete za anthu wamba amene anaphedwa m'mzindamo. Ndiponso ambiri a amisiriwo sanapondeko kunkhondo: anawerenga nyuzipepala ali ku Tokyo, najambula cimene ogula anafuna kuona.

Umboni wina uli m'nkhondo ya Japan ndi Russia, ya 1904 ndi 1905. Pamenepo mdani anali Mzungu, ndipo kawirikawiri anamjambula ndi ulemu umene anammana munthu wa ku China. Cotero dzanja la mmisiri linatsata maganizo a mtundu wace koposa zocitika zenizeni.

Tsono mphunzitsi wopacika cithunzi m'kalasi akumbukire kuti mwana akhulupirira maso msanga koposa makutu. Kukongola si umboni ai. Amzoloweze mwanayo kufunsa mafunso atatu: Anajambula ndani? Anaimirira kuti? Wasiyidwa kunja ndani? Mwana wodziwa kufunsa cotere adzakondwera nalo luso la Kiyochika, osanyengedwa nalo.