Tulo ta Mankhwala Si Mpumulo

Ambirife tikaona m'bale wathu ali zii pa makina opumira m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mtima umakhala pansi. Timati wagona, ndiye kuti akupezako bwino. Akangotsegula maso ndi kugwedeza dzanja, timathamangira kwa anamwino kukapempha kuti amuwonjezere mankhwala ogonetsa. Chifundo chimenechi n'chenicheni, koma tisaiwale kuti walira mvula walira matope.

Nkhaniyi ndi yathu ndithu, ife a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa. Kafukufuku wochitikira ku Chilomoni, amene anafalitsidwa mu 2016, anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse, oposa 40 mapapo awo sanali kugwira bwino ntchito. Utsi wa mbaula, fodya ndi zipsera zimene chifuwa chachikulu chimasiya, zonsezi zimafooketsa mapapo.

Munthu wa mapapo otere akaikidwa pa makina, tulo tofa nato timamubweza m'mbuyo. Mankhwala monga midazolam ndi morphine akachuluka, thupi limaleka kulimbikira kupuma lokha, ndipo mnofu wokoka mpweya umalefuka m'masiku ochepa popeza makina aulanda ntchito. Wodwalayo satsokomola, makhololo amadzaza, chibayo n'kupezerapo mpata. Ena podzuka amakhala atasokonezeka mutu. Mu 2000, Dokotala John Kress ndi anzake ku Chicago anaonetsa kuti kuyamba mwaleka mankhwalawa tsiku lililonse mpaka wodwala atatsitsimuka kunachepetsa masiku okhala pa makina kuchoka pa 7.3 kufika pa 4.9. Pa chipatala cha Gulupu, pomwe mabedi otere ndi owerengeka, tsiku limodzi lopulumutsidwa ndi moyo wa wina amene akudikira panja.

Sitikunena kuti wodwala azunzike ayi. Ululu uthetsedwe poyamba, ndipo alipo ena odwala kwambiri amene ayeneradi kugonekedwa. Papa Pius XII, polankhula kwa madokotala mu 1957, anavomereza mankhwala oletsa ululu, koma anachenjeza kuti si bwino kumulanda munthu kuzindikira popanda chifukwa chachikulu. Wodwala ali maso angathe kumva mawu a mkazi wake, kufinya dzanja la mwana wake ndi kulandira masakramenti akudziwa.

Komatu wodwala wotere amafuna namwino pambali pake usana ndi usiku, kuopa kuti angazule paipi ya mpweya. Anamwino akachepa, botolo la mankhwala ndilo limasanduka mlonda. Tsono ogawa chuma cha zaumoyo asawerenge makina okha, awerengenso manja. Nafenso achibale, tikaona maso atseguka, tisachite mantha. Timuitane dzina lake.