Kamtsikana ka m'nyumba ya Namani

Mu 2 Mafumu 5 muli anthu a maudindo awo: mafumu awiri, kazembe wa nkhondo ndi mneneri. Koma nkhani yonse yatsamira pa ndime 3, pa mawu a mwana amene ngakhale dzina lake sitinauzidwe. Ankhondo a ku Aramu anam'gwira m'dziko la Israeli, n'kukam'siya m'manja mwa mkazi wa Namani, mkulu wawo, kuti azim'tumikira. Namaniyo anali ndi khate. Tsiku lina mwanayo anauza dona wake kuti zikanakhala bwino abwana akanakaonana ndi mneneri wa ku Samariya, poti iye akanawachiritsa. N'zokhazo zimene ananena m'mutu wonsewo.

Tiyambe taona munthu amene akum'funira moyoyu. Ndi wa mtundu wina, amapembedza mulungu wina, ndiye mtsogoleri wa ankhondo omwe anachotsa mwanayu kwawo. Kuwonjezera apo ndi wakhate, ndipo kwa Aisraeli, malinga ndi Levitiko 13, munthu wotere ankakhala payekha kunja kwa msasa. Akanakhala wamkulu, ndikhulupirira akanangoti chamumtima, Mulungu wandibwezerera. Ambirife tikanatero, ndipo sitikanasowa ndime ya m'Baibulo yoikira kumbuyo maganizowo. Pa zonsezi mwanayu akutolapo chimodzi: bambo awa akuvutika, ine ndikudziwa kumene kuli thandizo.

Chimandikhudza kwambiri ndi zimene mulibe m'mawu akewo. Sakutchula malipiro. Sakuti akachira andibwezere kwa amayi. Sakuti ayambe asiya kachisi wa mulungu wawo Rimoni ndiye apite. Mneneri wa kwawo sakum'tenga ngati mjigo wotungapo a m'mudzimo okha. Komanso analibe chitsanzo choti alozepo, pakuti Luka 4:27 imatiuza kuti m'masiku a Elisa, mneneriyo, akhate anali ambiri mu Israeli, koma palibe anachira kupatula Namani. Ndiye kuti chifundo chimene sanachionepo chikugwera a kwawo, iye anakhulupirira kuti chikwanira ndi mdani yemwe.

Mawuwo atangofika kwa akuluakulu, malire onse anabwerera. Mfumu ya Aramu inawasandutsa nkhani ya boma: kalata, matalente 10 a siliva, masekeli 6,000 a golide, zovala 10. Mfumu ya Israeli itawerenga kalatayo inang'amba zovala zake, ati akuiputa dala. Namani naye atauzidwa kuti akasambe kasanu ndi kawiri mu Yordano anapsa mtima, n'kuyamba kutama Abana ndi Farpara, mitsinje ya kwawo ku Damasiko. Munthu khungu lili mbuu, koma akulimbana n'zoti madzi abwino ndi a kwa yani! Anam'bweza ndi antchito ake. Atavuuka m'madzi, wolemba akuti thupi lake linasalala ngati la mwana wamng'ono, ndipo sindikhulupirira kuti anangolemba mwangozi. Kazembe wafanana ndi kapolo wake.

Pali kawerengedwe kena kamene ndimakana. Nkhaniyi ndi yosavuta kuisandutsa phunziro loti wantchito azikhala womvera ndi wokoma mtima kwa abwana. M'matauni mwathu muli atsikana aang'ono otengedwa kumudzi, odzuka m'bandakucha kukolopa, anzawo akuvala yunifolomu. Kuwawerengera mutuwu kuti azipirira n'kuulakwira. Mwanayu anabedwa, ndipo palibe pamene Baibulo likuyamikira kubako. Ubwino wake sukutsuka mlandu wa om'gwira. Ukungoonetsa kuti anam'landa zonse koma analephera kum'phunzitsa chidani.

Elisa yekha ndiye akumveka ngati mwanayu. Namani atachira anapempha dothi la ku Israeli losenza nyuru ziwiri, n'kuulula kuti ntchito yake idzam'kakamizabe kulowa m'kachisi wa Rimoni, mfumu itatsamira pa mkono wake. Mneneri sanam'patse mndandanda wa malamulo, sanam'uze kuti asamuke. Anam'lola apite mumtendere, abwerere kwa anthu ake ali Mwaramu ndithu.

Chifundo chotere chimawawa kwa amene amadziona ngati eni ake a Mulungu. Yesu atakumbutsa anthu a kwawo za Namani m'sunagoge wa ku Nazarete, anadzazidwa ndi mkwiyo, anam'tulutsira kunja kwa mudzi, n'kupita naye pamwamba pa phiri kuti akam'ponye pansi.