Gitala Yolira Ngati Mavu

Mphwanga wina amene ali m'chaka chachiwiri pano pakoleji anandipatsa nyimbo 12 za rock zimene anasonkhanitsa yekha, zakale ndi zapambuyo pake, nandipempha kuti ndimuuze maganizo anga mosapsatira. Yankho ndaliika muno popeza ena a inu mumati nyimbo zoterezi ndi phokoso la Azungu lopanda malo pakati pathu, pamene ena mumagwadira chilichonse chochokera kutsidya kwa nyanja. Ine sindigwirizana ndi mbali zonse ziwiri.

Ndiyambe ndi kumene ndinazimvera koyamba. M'chaka cha 1978 amalume anabwerera kwathu ku Chiwamba kuchokera ku migodi ya ku Kitwe, atanyamula gumbagumba ndi mbale zingapo. Tsitsi anametera ku Chipata, pakuti masiku a Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali sankaloledwa kulowa m'dziko muno. Anali masiku omwe aja amene nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia" inaletsedwa chifukwa cha dzina lokhalo. Amalume ataika mbale yoyamba, agogo anafunsa ngati m'bokosimo mwalowa mavu. Mavuwo anali gitala ya Paul Ngozi. Motero rock ndinayamba kuimva kuchokera kwa munthu wakuda wa ku Lusaka, ndipo za Jimi Hendrix ndinadzamva pambuyo pake.

Muyeso wanga ndi wakumudzi. Kwathu nyimbo, kaya ndi ya chimtali kaya ya pamtondo, imayenera kukhala ndi nkhani yake, ndiponso kusiya mpata woti anthu avomereze. Woimba amene atenga bwalo lonse yekha timangomuonerera, kenaka n'kumuiwala.

Pa muyeso umenewu "Smoke on the Water" ya Deep Purple, ya 1972, yapambana. Nkhani yake ndi yoona: moto umene unatentha nyumba ya juga ku Montreux m'dziko la Switzerland mu Disembala 1971, Frank Zappa akuimba momwemo. Oimbawo anachita zimene amachita wopeka nyimbo wa m'mudzi nkhokwe ikapsa, kutchula malo, anthu ndi wopalamula. Kayambidwe ka gitala yake n'kosavuta kotero kuti mwana wa gitala ya chigubu angakatole tsiku limodzi, ndipo ine ndimati kumeneko ndiye kukoma kwake.

Koma "Stairway to Heaven" ya Led Zeppelin, ya 1971, imene mphwanga anaiika pamwamba pa zonse, ine ndaitsitsa. Luso la Jimmy Page sindikulikana. Vuto n'lakuti kwa mphindi zisanu ndi zitatu nyimboyo imangodzitamandira yokha, mawu ake akuzungulira ngati mlaliki amene waiwala vesi, ndipo womvera alibe polowera. "Paranoid" ya Black Sabbath, ya 1970, sifika ndi mphindi zitatu zomwe, koma ikamatha umakhala utamva ndithu kuti munthuyu mutu sukumuyenda bwino.

Tsono za m'ma 1990, zimene achinyamata amazitcha alternative. "Smells Like Teen Spirit" ya Nirvana, ya 1991, ili ndi chinyengo chimodzi chokoma: imayamba mwaukali, n'kudzichepetsa, n'kudzaphulikanso, monga achitira woimba mbalule pamene akudikira phazi la wovina. Ng'oma za Dave Grohl ndi zimene zainyamula. Mawu a Kurt Cobain samveka, ndipo ukawapeza olembedwa sakuonjezera kanthu. "Creep" ya Radiohead, ya 1992, ndi kudandaula kwa mnyamata wodzinyoza yekha pamaso pa mkazi. Ndili ndi zaka 20 bwenzi nditaikonda. Lero ndikuona kuti chisoni chake chilibe mnansi, chimayambira pa iye n'kutheranso pa iye yemweyo. Imene yandigwira mtima ndi "Zombie" ya The Cranberries, ya 1994, yopekedwa ana awiri ataphedwa ndi bomba ku Warrington mu 1993. Mmene mawu a Dolores O'Riordan amathyokera ndimo mmene amalirira amayi pasiwa. Iyi ndi nyimbo ya maliro, ndipo agogo akanaizindikira popanda womasulira.

Nyimbo zitatu za ku Zambia mphwanga anaziika kumapeto ngati zongoonjezera, chikhalirecho n'zimene zayenera kutsutsidwa mozama. Gulu la WITCH la ku Kitwe linali ndi mphamvu, ndipo chimbale chawo cha 1975, Lazy Bones!!, chimavinitsa. Komabe mu nyimbo yamutu wa chimbalecho ndimamva munthu wovala jekete yobwereka. Woimba wawo Emmanuel Chanda ankatchedwa Jagari potengera Mick Jagger, ndipo Chingerezi chake chimamuthina m'mapewa. "Khala My Friend" ya Amanaz, yochokera m'chimbale chawo Africa cha 1975, ndi yofatsa, munthu akudandaulira bwenzi limene likusochera. Liwu limodzi lokhalo la chinenero chathu lasandutsa nyimbo yonse kukhala malangizo a pakhonde madzulo.

Yoposa zonse 12 kwa ine ndi "Nizakupanga Ngozi" ya Ngozi Family, ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Gitala yake ndi yolemera ngati ya Black Sabbath, koma nkhani yake ndi ya m'komboni: chenjezo kwa mlendo wopanda ulemu amene amabwera pakhomo ndi miseche. Yaimbidwa m'Chinyanja cha ku Lusaka, chimene ena a inu mumachiseka kuti n'chothyoka. Apa gitala yachilendo yagwira ntchito imene nyimbo ya pamtondo imagwira, kudzudzula mnansi anthu onse akumva. Paul Ngozi sanabwereke jekete, anagula nsalu n'kusoka yake.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mphwanga anaidziwa nyimboyi chifukwa Tyler, the Creator anaidula n'kuiika mu nyimbo yake "Noid" mu 2024. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mtengo wa kopa utagwa ndiponso Edzi itatenga oimba ambiri, nyimbo za Zamrock zinazilala, ndipo amene anadzazifukula ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, imene inatulutsanso zimbale za WITCH mu 2012. Ife a chinenero chomwecho tinadikira kuti a ku America atiuze kuti n'zokoma. Ndilibe pothawira inenso: mbale za amalume zinapindika ndi dzuwa, ndipo imodzi ndinaiboola ndekha kuti ikhale chiongolero cha galimoto yanga ya mawaya.

Oimba athu ambiri a zaka zimenezo anajambula nyimbo zawo pa matepi a MBC. Ndani mwa ife, aphunzitsi kapena ophunzira, amene anapitako kukazimvetsera ndi cholembera m'manja? Mphwanga ndamubwezera nyimbo zake nditasintha ndondomeko, Ngozi pamwamba, Led Zeppelin pansi. Iye wakana, akuti ndakalamba. Ngati mukugwirizana naye, lembani, tidzaonane m'kope lotsatira.