Siyani Turner, koperani Cotman

Ongoyamba kumene kujambula malo ndi utoto wamadzi onse amathamangira kwa Turner. Munthu amatenga chithunzi chake cha phiri la Rigi cha 1842, n'kunyowetsa pepala lonse, n'kuthirapo buluu, kenaka n'kumadikira kuti nkhungu ibwere yokha. Chotuluka ndi matope. Aphunzitsi nawo, m'malo momudzudzula, amamuyamikira ati dzanja lamasuka. Zimandikwiyitsa kwabasi.

Kukopera pakokha sindikutsutsa. Turner yemweyo ali mnyamata, cha m'ma 1790, ankapita madzulo kwa Dr Thomas Monro ku London pamodzi ndi Thomas Girtin kukakopera zojambula za John Robert Cozens. Girtin ankalemba mizere, Turner n'kumapaka utoto. Nkhani yagona pa amene ukumukoperayo. Turner wachikulire amafufuta mapazi ake. Ankapukuta utoto, kukanda pepala, n'kubwerezapo timadontho, moti sungadziwe chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Uphunzirapo chiyani pamenepo?

Tengani Greta Bridge ya John Sell Cotman, ya cha m'ma 1805, imene ili ku British Museum. Mlatho, mtsinje wa kumpoto kwa England, miyala, mitengo, basi. Koma taonani mmene anayalira! Utoto uliwonse ndi chigamba chosalala chokhala ndi malire akuthwa, ndipo ukhoza kuwerenga zigambazo chimodzichimodzi: choyezuka pansi, choderako pamwamba pake, chakuda pomalizira. Miyala ya m'madzimo ikuwala chifukwa anaidetsa mozungulira, iyoyo n'kungoikhudza pang'ono. Masamba sanawawerenge, mtengo wonse ndi mthunzi umodzi wodulidwa bwino. Wokopera chithunzichi amakakamizika kusankha malo osiya oyera asananyike burashi, kusungunula utoto wokwanira kuti usamuthere pakati, ndiponso kudikira pepala liume. Kudikirako n'kumene kumagonjetsa ambiri. Ukangofulumira, malire aja amasungunukirana ndipo cholakwa chimaonekera poyera, palibe nkhungu yobisalamo.



Ena amati Cotman ndi wouma, alibe moyo. Anthu otere sanayesepo kupaka thambo lake ulendo umodzi osasiya mikwingwirima. Ndiponso mkuluyu ankadziwa zimene wophunzira amasowa: kuyambira 1834 ankaphunzitsa kujambula pa King's College School ku London, ndipo ankakonza zojambula zambirimbiri zoti ana asukuluwo azikopera.