Ndani Anaphunzitsa Adrien Kutsika Phiri?

Filimu ya Rising from Ashes ndinaionera kunyumba kwa azakhali anga ku Mambo, mumzinda wa Gweru. Tinali anthu asanu ndi awiri titaunjirira kakompyuta kamodzi, ine ndikumasulira Chingerezi cha Forest Whitaker kuti agogo amve. Agogowo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, n'kukalambira m'migodi ya chrome ku Shurugwi. Kwa zaka zambiri, mapeto a mwezi ankapalasa njinga makilomita opitirira 30 kudzaona banja ku Gweru. Filimu itafika pakati anandigwira mkono. "Iwe, afunse azunguwo, mwanayu asanakumane nawo ankayenda pansi?"

Funso limeneli ndi limene ndalembera nkhaniyi.

Filimuyi inatuluka mu 2012 ndipo anaikonza ndi T.C. Johnstone. Imafotokoza za timu ya njinga ya dziko la Rwanda, imene inayamba ndi khama la anthu awiri a ku America: Tom Ritchey, mmodzi mwa oyamba kupanga njinga za m'mapiri, ndi Jonathan Boyer, munthu woyamba wa ku America kupalasa mu Tour de France mu 1981. Mwini nkhani ndi Adrien Niyonshuti, amene abale ake ambiri anaphedwa pa chipolowe cha 1994. Mu 2012 iye ananyamula mbendera ya Rwanda pa masewera a Olimpiki ku London, ndipo pa mpikisano wa njinga za m'mapiri ku Hadleigh Farm anamaliza pa nambala 39.

Wosadziwa masewerawa angaone ngati 39 ndi nambala yamanyazi. Mpikisano umenewu, umene unalowa mu Olimpiki mu 1996 ku Atlanta, umatenga pafupifupi ola ndi theka. Opalasa amazungulira njira yopapatiza ya makilomita anayi kapena asanu, yodzaza miyala, mizu ndi zitunda, ndipo wotsalira kwambiri amachotsedwa asanamalize. Adrien anafika kumapeto tsiku limene Jaroslav Kulhavý ndi Nino Schurter ankalimbirana golide. Filimuyi ndimaiyamikira chifukwa imaonetsa mtengo wa ulendo wotere: chakudya chokwanira, zipangizo, ziphaso, tulo, ndiponso anyamata a dziko lovulala akudyera mbale imodzi. Izi n'zoona, ndipo aphunzitsi aja anagwiradi ntchito.

Koma pali chimene imadumpha. Wolankhula wamkulu ndi mlendo, ndipo luso limaoneka ngati katundu amene anatsika m'ndege. Anyamatawo amaonetsedwa ngati anthu a mphamvu zobadwa nazo, mapapo aakulu ndi miyendo yolimba, oyembekeza wina adzawaikemo nzeru. Komatu ku Rwanda, dziko la mapiri okhaokha, njinga yakhala ikunyamula mkaka, nthochi, khofi ndi anthu kuyambira kale. Munthu sangatsike phiri ndi thumba la makilogalamu 50 pakaliyala popanda kuphunzira kanthu.

Izi ndinazitsimikiza pa ntchito yanga. Tsiku lina ndinapatsidwa kabuku ka malangizo oyambira kupalasa m'mapiri kuti ndikamasulire m'Chichewa. Ndinkaopa kuti mawu andisowa, choncho ndinakhala pansi ndi agogo n'kumawawerengera mfundo imodziimodzi.

Kabukuko kankati uziyang'ana kumene ukufuna kupita, osati mwala umene ukuuopa. Agogo anati, "Njinga imatsata maso." Kankati potsika imirira pamapedulo, akhale mofanana, mawondo ndi zigongono zopindika pang'ono, thupi libwerere kumbuyo kukamatsetsereka kwambiri. Iwo anati, "Chishalo n'cha pachidikha, pamtsetse umachisiya." Kankati buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa kwambiri, koma uziifinya pang'onopang'ono, ndipo liwiro ulichepetse usanalowe pokhota. Apa anaseka n'kundionetsa chipsera pachibwano, chimene anachipeza pa makona a Boterekwa, panjira yochoka ku Shurugwi kupita ku Zvishavane. Mfundo imodzi yokha ndiyo inali yachilendo kwa iwo, yosintha giya usanayambe chitunda. Njinga yawo inalibe magiya. Chitunda chikakula ankatsika n'kumakankha, ndipo sankaona vuto.

Sindikunena kuti wakabaza aliyense wa ku Salima kapena ku Chipata akhoza kukapikisana ku Cape Epic mawa. Kudumpha miyala uli pa liwiro, mtima ukugunda ngati ng'oma, kumafuna mphunzitsi, njinga yodula ndi zaka zokonzekera. Koma maziko ake anthu athu ali nawo kale, ndipo amawanena m'zilankhulo zawo. Filimu imene ikanafunsa amalume, anzake ndi onyamula katundu a kwawo kwa Adrien kuti anamuphunzitsa chiyani ikanakhala yoona kwambiri, ndipo ulemu wa Boyer sukanachepa.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa cha kumene ndinakulira. M'makomboni a migodi ya ku Midlands, ku Shurugwi, ku Zvishavane, ku Redcliff, ana a anthu ochokera ku Malawi tinakula tikutchedwa Mabhurandaya, ana a anthu amene anabweretsa minofu basi. Amene ankadziwa kumva denga la mgodi likafuna kugwa anali agogo athu, koma m'mabuku a kampani nzeru zinkalembedwa m'dzina la ena. Ndikaona mnyamata wa ku Rwanda akutamandidwa chifukwa cha mapapo ake, ndimakumbukira kalembedwe komweko.

Pali kuopsa kwina. Mwana wa ku Mambo akaonera filimuyi angaganize kuti masewerawa amayamba tsiku limene mlendo wafika ndi njinga ya madola masauzande. Chonsecho tinjira tafumbi ali nato, mapiri a Shurugwi ali pafupi, ndipo aphunzitsi oyamba akhala pakhonde, akungodikira wowafunsa.

Kabuku kaja ndinakamaliza. Mawu ambiri amene ali mmenemo ndi a agogo, ngakhale pachikuto panalibe malo olembapo dzina lawo. Filimuyi muionere, ndi yabwino. Koma muionere pamodzi ndi munthu wachikulire amene anapalasapo njinga yopanda magiya, ndipo akakugwirani mkono muiimitse kaye, mumve zimene akunena.