Chuku ndi Chiphe Chake: Kuunika Mawu a m'Timapepala ta Ulangizi wa Zaulimi

Mwa zolembedwa zonse za m'Chicheŵa, palibe zimene zimayesedwa msanga ngati za ulangizi wa zaulimi. Mlakatuli akaphonya liwu, woŵerenga amangokwinya nkhope napitirira. Koma wolemba kapepala ka ulangizi akaphonya, cholakwacho chimakaonekera m'nkhokwe, mwinanso m'thupi la mwana. N'chifukwa chake m'nkhani ino ndikufuna tiunike mawu angapo amene amapezekapezeka m'timapepala ta alangizi, pa wailesi ndi m'mauthenga a pa lamya za m'manja.

Ndiyambe ndi kuyamika. Amene anaganiza zotchula feteleza wina kuti wokulitsa ndi wina kuti wobereketsa anagwira ntchito yotamandika. Pa thumba pamalembedwa manambala kapena dzina loti Urea, koma mawu aŵiriŵa amamuuza mlimi ntchito ya fetelezayo pamodzi ndi nthaŵi yothirira, popanda kumulongosolera za nayitulojeni. Chimodzimodzinso maina a mbeu za chimanga monga Kanyani, Mkango ndi Njobvu: aliyense amadziŵa kuti njobvu ndi yaikulu ndiponso yosafulumira, motero sadabwa akamva kuti mbeuyo imachedwa kucha. Umu ndi mmene liwu labwino limagwirira ntchito.

Tsono tibwere pa chuku. Pafupifupi kapepala kalikonse ka mtedza kamene ndakaona kamagwiritsa ntchito liwu limeneli pomasulira liwu lachingerezi loti aflatoxin. Poyamba kumasuliraku kumaoneka kwanzeru, pakuti chuku ndi liwu lathulathu, ndipo mayi aliyense amene anasungapo ufa m'nyengo ya mvula amalidziŵa. Vuto lake lagona pomwepo. Chuku chimene mayiyo amadziŵa ndi chooneka ndi maso: chobiriŵira kapena chakuda, chonunkha, choŵaŵa m'kamwa. Pamene aflatoxin ndi poizoni amene chuku cha mtundu wa Aspergillus chimasiya m'njere. Poizoniyu alibe maonekedwe ngakhale fungo, amatha kupezeka m'mtedza wooneka bwinobwino, ndipo kukazinga kapena kuphika kwa pakhomo sikumuchotsa. Akatswiri anamuzindikira pambuyo pa imfa ya nkhukundembo pafupifupi 100,000 ku England m'chaka cha 1960, zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. M'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga choipitsidwa ndi poizoni yemweyu. Munthu akamamudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amatha kudwala khansa ya m'chiŵindi.

Taonani tsono zimene zimachitika liwu limodzi likasenza katundu muŵiri. Kapepala kakanena kuti chuku sichioneka ndi maso, mlimi amaona ngati wolembayo sanagwirepo mtedza, chifukwa iye chukucho amachiona chaka ndi chaka. Kakanena kuti chuku sichitha ngakhale mukazinge, iye amakumbukira kuti anapukutapo mtedza wachuku, naukazinga, chukucho nichizimirira. Uthenga woona wasanduka bodza m'makutu mwake, ndipo wolakwa si iye. Chotsatira chake tonse timachidziŵa: mtedza wosankhidwa bwino umapita ku msika, wotsalira uja umapukutidwa n'kusinjidwa, nsinjiro zake n'kuloŵa m'ndiwo ndi m'phala la ana. Amene amanyoŵetsa makoko kuti asavute poswa amapitirizabe, poti pa tsiku logulitsa chuku chimakhala chisanaonekere.

Ine ndikuona kuti tiyenera kulekanitsa zinthu ziŵirizi. Chuku chikhale chuku, chomera chooneka chija. Aflatoxin atchedwe chiphe cha chuku. Liwu loti chiphe si lachilendo, ndipo tsinde lake limanena lokha ntchito yake. Tikatero, wolemba angathe kunena chiganizo chimene lero sangachinene popanda kudzitsutsa, chakuti chuku chimapukutika koma chiphe chake chimatsala m'njere. Ena adzati poizoni ndilo liwu lozoloŵereka. Sindikana, ndipo inenso ndaligwiritsa ntchito pamwambapa. Chachikulu n'chakuti maina akhale aŵiri.

Cholakwa cha mtundu womwewu chinachitika pa mbozi imene inachokera ku America n'kufika ku Africa m'chaka cha 2016, imene inachititsa boma la Malaŵi kulengeza mu December 2017 kuti maboma 20 agweredwa tsoka. Olemba ambiri anangoitcha ntchemberezandonda. Koma ntchemberezandonda zimene makolo ankadziŵa zimabwera chigulu, zikuyenda poyera, ndipo zikadutsa zadutsa. Yatsopanoyi imabisala m'nsonga ya chimanga monga amachitira kapuchi. Mlimi amene akudikira kuona chigulu amadzazindikira mochedwa, masamba atabooka kale.

Nanga mtayakhasu ndi mleranthaka? Maina aŵiriŵa akulimbirana chinthu chimodzi, ulimi wosagaula nthaka, wophimbira ndi mapesi ndiponso wa kasinthasintha wa mbeu. Mtayakhasu ndi liwu lokoma m'kamwa, loti woimba angalikonde, koma likutchula mbali imodzi yokha mwa zitatuzo, ndipo likulonjeza zimene ulimiwo sungakwaniritse, pakuti udzu suleka kumera chifukwa choti munthu wasiya kuunga mizere. Kuuza Mmalaŵi kuti ataye khasu n'kuyambanso mkangano wosafunika ndi akuluakulu a m'mudzi, amene kwa iwo munda wosalima ndi chizindikiro cha ulesi. Mleranthaka likutchula cholinga, ndipo ndilo ndikadakonda tikhazikitse. Akonzi adziŵenso kuti ili ndi dzina limodzi, loyenera kulembedwa molumikiza monga ntchemberezandonda. Ndaonapo m'kabuku kamodzi likulembedwa m'njira zitatu, molumikiza, molekanitsa ndi moika kamzere pakati.

Gwero la zonsezi si umbuli wa olemba ayi. Uthenga umabadwira m'Chingerezi, ku malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka, ndipo Chicheŵa chimaitanidwa kumapeto, ntchito itatha kale, kudzangosenza zimene ena amanga. Womasulira amapatsidwa mndandanda wa mawu, osati chinthu chenichenicho kuti achione. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene ndondomeko ya boma inalola kuti mabungwe ndi makampani osiyanasiyana azipereka ulangizi pamodzi ndi Unduna wa Zamalimidwe, osula mawu achuluka, ndipo aliyense akusula payekha. Mlimi mmodzi yemweyo amamva liwu lina kwa mlangizi, lina pa wailesi, linanso kwa wogulitsa mbeu.

Pempho langa kwa akonzi ndi laling'ono. Musanasindikize kapepala, kaŵerengereni anthu aŵiri kapena atatu amene amalima mbeuyo, kenaka muwafunse kuti akapita kumunda maŵa akachita chiyani. Musawafunse ngati amva, chifukwa mwaulemu wathu adzati amva. Pa kapepala ka mtedza muwonjezere funso limodzi: mtedza wotsalira posankha uja akaupititsa kuti?