Bowo la pa Kobiri

Pa tebulo langa kuno ku Kimara pali ndalama ziwiri zakale zotungidwa pa chingwe chimodzi. Yoyamba ndi kobiri la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland la 1957, lija la njovu ziwiri, limene ndinalipeza m'chitini cha mabatani cha agogo anga aakazi. Yachiwiri ndi ya mahela khumi ya Ajeremani ya 1909, imene ndinagula kwa bambo wina wogulitsa zakale pafupi ndi chipilala cha Askari m'tauni. Zonse ziwiri n'zobooka pakati. Tili ana, amalume anatiuza kuti bowolo analiboola ndi mzungu wina amene ankaponya kobiri m'mwamba n'kuliwombera lisanagwe pansi. Tinakhulupirira, ndipo tinatha mlungu wathunthu tikuyeserera ndi legeni ndi zitsekerero za mabotolo. Linali bodza. Ndalamazi zinkachoka kosulira zili zobooka kale, ndipo anthu ankazitunga pa chingwe monga ndachitira inemu. Komabe amalume sananame zonse. Anthu owombera ndalama m'malere analipodi, ndipo zimene anasiya zikugulidwa mpaka lero.

Nkhani ya amalumeyi inandibwerera m'mawa wina ndili pamzere wa mabasi a mwendokasi pa Kimara Mwisho, nditapeza pa foni kakanema ka Annie Oakley. Kanajambulidwa pa 1 Novembala 1894 m'nyumba yojambulira ya Thomas Edison ku West Orange, m'chigawo cha New Jersey, ndipo sikakwana ndi theka la mphindi lomwe. Mulibe mawu. Kumbuyo kuli bii. Mayi wamng'ono thupi akuwombera tizinthu toikidwa pa bolodi, kenaka mwamuna wina akugwada n'kuyamba kumuponyera timipira m'mwamba, iye n'kumatiphwanya. Utsi ukufuka, dzanja likukoka ndi kubweza chitsulo cha mfuti, mutu osagwedezeka. Pamene basi inkafika n'kuti nditakaonera kasanu ndi kawiri.

Ndivomere kaye kuti kakanemaka n'kokoma. Oakley sakuchita zodzionetsera. Thupi lake likugwira ntchito ngati la mayi wozolowera kupeta: palibe chiwalo chimene chikuyenda pachabe. Luso lotere silibwera ndi mwayi. Iye anabadwira m'banja losauka ku Ohio mu 1860, ndipo anayamba kugwira mfuti ali kamtsikana, kusaka nyama zogulitsa kuti pakhomo papezeke chakudya. Mu 1885 analowa m'gulu la zionetsero la Buffalo Bill Cody, ndipo mu 1887 anakaonetsa luso lake ku London, Mfumukazi Victoria ikuonerera. Pa nthawi imene mfuti inkaonedwa ngati chida cha amuna, iye ankawaposa amunawo pamaso pa khamu. Amene angaonere kakanemaka osagoma ndiye kuti wangouma mtima.

Chimene chikundivuta ndi zotsala za zionetsero zoterezi. Oakley ankaboola makadi a njuga ndi ndalama zoponyedwa m'mwamba, moti anthu a ku America anafika potchula matikiti aulere, aja amabooledwa kuti asagulitsidwe, ndi dzina lake. Pambuyo pake makampani opanga mfuti ndi zipolopolo anaona kuti pali malonda apa. Kampani ya Winchester inalemba ntchito Adolph Topperwein wa ku Texas, amene mu Disembala 1907 ku San Antonio anawombera timatabwa 72,500 toponyedwa m'mwamba kwa masiku khumi, n'kuphonya 9 tokha. Ankathanso kujambula nkhope ya munthu pa lata pogwiritsa ntchito zipolopolo m'malo mwa pensulo. Akatswiri ngati iyeyu ankayenda m'matauni, kuwombera ndalama ndi tizitsulo tozungulira, n'kupatsa oonerera kuti apite nato kunyumba. Tizitsulo topindika ndi tobookato ndi timene lero osonkhanitsa zakale amatilimbirana, kutisunga m'magalasi ndi kutilembera mbiri.

Pa ntchito yanga yomasulira, ndikafuna kutchula masewerawa m'Chichewa ndimasowa mawu amodzi. Liwu la Chingerezi limene amawatchulira limanyamula zinthu ziwiri pamodzi, luso ndi kachinyengo. Kwathu luso ndi luso, matsenga ndi matsenga, ndipo munthu umayenera kusankha. Poyamba ndinkati chinenero chathu chaperewera. Tsopano ndimaona kuti chikungondikakamiza kunena zoona, pakuti zonse ziwiri zinalimo. Buffalo Bill mwiniwake, pophwanya timipira tagalasi ali pa hatchi, ankagwiritsa ntchito zipolopolo zomwaza timitovu ting'onoting'ono, zimene sizipita kutali ndiponso sizivuta kumenya nazo chinthu. Izi sizichotsa luso, koma zikutikumbutsa kuti chionetsero chimakonzedwa kuti diso lione zimene wokonzayo wafuna.

Ndiye kodi kachitsulo kobooka kaja kamachitira umboni chiyani? Kamanena kuti mfuti iyi ndi yolunjika, chipolopolo ichi n'chodalirika, dzanja ili silinjenjemera. Zonsezo n'zoona. Koma kamanenanso chinthu china mwakachetechete: kuti mapeto a kuwombera ndi bowo loyera bwino pa mkuwa, lopanda magazi, lopanda maliro, loti mwana n'kuika m'thumba. Mwana amene walandira kachitsuloko amapita kwawo atakonda mfuti asanaonepo chimene mfuti imachita pa thupi la munthu. Kampani sinkafuna zoposa pamenepo.

Wina anganene kuti ndikukokera nkhani kutali, kuti awa anali masewera chabe. Koma tayang'anani amene ankadutsa m'mabwalo omwewo. Sitting Bull, mtsogoleri wa Alakota, anayenda ndi gulu la Buffalo Bill mu 1885, ndipo ankagwirizana kwambiri ndi Oakley. Mu Disembala 1890 anaphedwa ndi mfuti pakhomo pake. Patapita masabata awiri, asilikali a America anapha Alakota oposa 200 ku Wounded Knee, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Ena mwa Alakota a nthawiyo, otsatira gule wa mizimu amene boma linkamuopa, ankavala malaya amene ankakhulupirira kuti chipolopolo sichingawaboole. Mu Seputembala 1894, kutatsala milungu yochepa kuti Oakley ajambulidwe, nyumba yomweyo ya Edison inajambula Alakota a m'gulu la Buffalo Bill akuvina, n'kupatsa kakanemako dzina la gule yemweyo. Wowombera ndi wowomberedwa anakhala katundu wa sitolo imodzi.

Kwa ife a kuno nkhaniyi si yachilendo. Ku Earl's Court ku London, kumene Oakley anasangalatsa anthu mu 1887, n'kumenenso Frank Fillis anakaikako chionetsero chake cha Savage South Africa mu 1899. Anatenga anthu akuda kum'mwera kwa Africa kuti tsiku ndi tsiku azisewera nkhondo ya Amandebele ya 1893, kuthamangira mfuti za chiwaya za Maxim n'kugwa, kenaka kudzuka kukonzekera chionetsero chotsatira. Ku Shangani, kumene nkhondo yeniyeniyo inachitikira, amene anagwa sanadzuke. Kwathu ku Ntcheu, Inkosi Gomani inaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Kuno ku Tanzania, kumapeto kwa Ogasiti 1905, ankhondo a Maji Maji anathamangira boma la Mahenge atamwa ndi kuwazidwa madzi a Kinjikitile Ngwale, amene ankati adzasandutsa zipolopolo kukhala madzi. Mfuti za chiwaya za Ajeremani zinawamweta ngati udzu. Malaya a Alakota ndi madzi a Kinjikitile zinali yankho limodzi la anthu osiyana kwa chida chimodzi. Pamene ena ankalipira kuti akaone chipolopolo chikuboola mkuwa, ena ankapemphera kuti chisaboole khungu.

Pali sewero lina la akatswiriwa limene silindichoka m'mutu. Ankatenga kachitsulo kokhala kale ndi bowo pakati, konga washala, n'kukaponya m'mwamba kuti chipolopolo chidutse pabowo pomwepo. Vuto n'lakuti ukalunjika bwinobwino, kachitsuloko kamagwa pansi kopanda chipsera, ndipo oonerera amaganiza kuti waphonya. Choncho ankamata kapepala kapena sitampa pabowopo, kuti kung'ambika kwa pepalalo kukhale mboni. Kuwombera kopambana konse sikusiya chizindikiro pa chitsulo.

Ndalama zanga ziwirizi zili ngati washala ameneyo. Palibe chipolopolo chinazikhudza, komabe zinafika m'manja mwa makolo athu mfuti ili patsogolo. Ya mahela khumiyi inasulidwa patangopita zaka ziwiri nkhondo ya Maji Maji itazimitsidwa. Anthu anaphunzira kusaka ndalama za atsamunda chifukwa cha msonkho wa nyumba, ndipo wokana msonkho ankadziwa chimene chinkamudikira. Lero kondakitala wa daladala akamati hela, akutchula liwu lochokera ku ndalama ya Ajeremani yomweyi, ndipo palibe amene amamvamo fungo la onga. Amalume anaphonya pa mbiri ya bowolo, koma analunjika pa funso la mwini mfuti.

Sindikunena kuti tizitsulo ta Topperwein titayidwe kudzala, kapena kuti kakanema ka Oakley kafufutidwe. Oakley sanawombere Mndebele aliyense, ndipo kumusenzetsa milandu ya Mahenge kungakhale ulesi wa maganizo. Chimene ndikutsutsa ndi kafotokozedwe ka osunga zinthuzi, kamene kamatchula mtundu wa mfuti, kukula kwa chipolopolo, dzina la katswiri ndi mtengo wa lero, n'kuthera pomwepo. Kulemba kotero ndi kupitiriza ntchito ya kampani ija kwaulere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo wogulitsa nkhuyu sakusenderani. Amene akuika kachitsulo kobooka m'galasi ayenera kumatapo kapepala kake, konena chaka, ndi zimene mfuti zinkachita kwina m'chaka chomwecho.

Sabata yatha mwana wa mnansi wanga, kamnyamata ka zaka zisanu ndi zitatu, analowa m'nyumba n'kutola chingwe cha ndalama zija. Anasuzumira pabowo la kobiri ndi diso limodzi, n'kufunsa amene analiboola. Bodza la amalume linafika pamlomo, chifukwa ndi nkhani yokoma ndipo ndimadziwa kuifotokoza. M'malo mwake ndinamuonetsa kakanema ka Oakley. Anakaonera katatu, kukamwa kuli yasa. Kenaka ndinamufunsa ngati kusukulu anawaphunzitsa kale za Kinjikitile. Anati inde, anali munthu wa madzi uja. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo tinayambira pamenepo.